Zomera za Gadeniboyi Zikupita ku Bwanje

Tsangano,
Lamulungu masana.

Yankho mwana wanga, Nanzunga,

Ndakhala pakhonde la kuseri ndi kope limene ndimalembamo masiku odzalira mbatatesi, ndipo ndang'ambamo mapepala apakati kuti ndikulembere. Ukwati wako unayenda bwino dzulo, ngoma inavinidwa, anthu anakhuta. Mawa m'mawa galimoto ikutenga iwe ndi mwamuna wako Limbani kupita kwawo ku Bwanje. Azimayi akulangiza zawo m'nyumbamo, kumene ine mwamuna sindiloledwa kulowa. Palibe kanthu. Zanga ndilemba, ndipo uziwerenge wekha, usapatse munthu kuti akuwerengere.

Ndiyambe ndi zimene ndaona ndi maso anga. Lachisanu ndinakukonzera thumba la zodzala: mizu ya udzu wa mandimu, ana atatu a alovera, minti, mbande ziwiri za mandimu, ndi njere zosiyanasiyana zomanga m'timapepala. Ndinaliika pamodzi ndi katundu wako. Lero m'mawa ndalipeza kuseri kwa nkhokwe, litavundikiridwa ndi lata lakale. Mbuzi sinyamula thumba n'kulivundikira ndi lata. Ndiwe unatero. Sindikukukalipira, chifukwa amayi ako andiuza mawu amene a Nambewe, azakhali ake a Limbani, analankhula pamaso pa azimayi onse. Akuti anati, "Kwathu ndi banja lopemphera. Mtsikanayu abwere ndi mbale ndi zovala, koma zitsamba za bambo ake azisiye konkuno. Mbiri yawo tinaimva." Akutinso iwe unangoweramitsa mutu. Mbiri imene anamvayo ndikuuza ine mwiniwake, yonse, yoipa ndi yabwino yomwe, kuti pamene uzidzaweramitsa mutu uzidziwa chimene ukuweramira.

Iwe unandipeza anthu akunditchula kale kuti Gadeniboyi, koma sudziwa kumene dzinali linachokera. Agogo ako aamuna anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni. Nditakula ndinatsata njira yomweyo, koma ine sindinalowe pansi pa nthaka. Ndinapeza ntchito pafamu ina yofesa mbande za maluwa ndi zokometsera zakudya. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali kuthira dothi m'timachubu, kudulira, kuthirira. Anzanga pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, wailesi zikuluzikulu ndi mabulangete olemera. Ine zimene ndinkapeza ndinkatumiza kuno kuti agogo ako azithandizika, choncho ndinatsika basi ndi sutikesi imodzi ndi chisaka chonyowa chodzaza mizu ndi timitengo. Anzanga amene ndinakula nawo anabwera kudzandilandira katundu pamsika. Atasuzumira m'chisakamo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Anzathu abwera ndi tchire la Azungu! Gadeniboyi weniweni!" Ndipo ine bambo ako ndinanama. Ndinati katundu wanga weniweni anandibera pamalire. Bodza limenelo ndinayenda nalo miyezi, ndikulikulitsa aliyense akafunsa: munali njinga, munali makina osokera, munali nsapato za banja lonse. Zomerazo ndinazidzala kuseri kwa chimbudzi kuti odutsa asazione.

Amene anandilanda bodzalo ndi agogo ako omwewo. Chifuwa cha kumigodi chinali chitawagwetsa, ankangogona pamphasa panja kutsata dzuwa. Ndinkawaphikira tiyi wa udzu wa mandimu, kufinyiramo ndimu ndi kuthiramo uchi pang'ono. Sanachire nazo, usamve molakwa, fumbi la mumgodi silichoka ndi tiyi. Koma pakhosi pankafewa, ankatha kumaliza nkhani osatsamwa. Tsiku lina anandigwira dzanja nati, "Iwe, leka zomati unaberedwa. Ine ku Joni ndinabwerako ndi jekete ndi chifuwa ichi. Jekete linatha kalekale, chifuwa chilipo. Iwe wabwera ndi zinthu zomera, ndiye ukuzibisa kuchimbudzi?" Tsiku lomwelo ndinasamutsa zonse n'kuzidzala pafupi ndi khitchini. Choyamba chimene ndikukuuza ndi ichi, Yankho: manyazi anandisandutsa wabodza. Usawalole akusandutse wabodza nawenso.

Koma manyazi atachoka kunalowa china choipa kuposa iwo. Anthu anayamba kubwera. Wina wapsa ndi phala, ndimamuthira madzi ozizira nthawi yaitali kenako n'kumupaka zoterera za m'kati mwa alovera, iye n'kupeza bwino. Wina chimfine, ndimamupatsa tiyi. Wina kabichi wake wagwidwa nsabwe, ndimamuuza asinje tsabola ndi adyo, anyike m'madzi a sopo pang'ono, awaze madzulo. Zinkathandiza, ndipo amene ankandiseka aja anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Mutu unandikula. A Chimbalanga, amene ankatsogolera kwaya yathu, anabwera tsiku lina akudandaula kudzimbidwa, mawa lake ali ndi ukwati woti akaimbitse. Ndinadula tsamba lalikulu la alovera, ndinakhetsera madzi ake achikasu owawa aja m'kapu osayeza n'komwe, ndinati, "Imwani onse, mawa mudzuka opepuka." Mawa lake kwaya inaimba yopanda mtsogoleri. A Chimbalanga anatha tsiku lonse akuyenda pakati pa mphasa ndi chimbudzi, pofika madzulo miyendo itakana kuwanyamula. Mudzi wonse unaseka, nanenso ndinaseka nawo. Sindinayenera kuseka. Munthu wamkulu uja akanatha madzi m'thupi n'kufa, chifukwa cha ine. Alovera ndi wa pakhungu, mwana wanga. Usamwe, usamwetse munthu, makamaka mwana kapena mayi woyembekezera. Kuwawa kwa chinthu sikutanthauza kuti chikuchiritsa. Ndinachenjezedwa tsiku limenelo, koma sindinamve.

Tsopano ndikuuza za Petulo. Iwe umangodziwa kuti unali ndi mchimwene wako amene anamwalira usanabadwe, ndipo manda ake umawadziwa. Tinkakuuza kuti anali malungo. N'zoona, koma si zonse. Anali ndi zaka zinayi. Amayi ako anapita naye kumaliro ku Manjawira, kumunsi kotentha, anagonako masiku atatu opanda neti. Patapita sabata ziwiri thupi linatentha. Ine ndinamukhudza pamphumi ndinati, "Kuno kozizira kulibe malungo, ichi n'chimfine." Ndinamuphikira tiyi wanga uja. Tsiku lachiwiri anakana phala, anasanza. Ndinawiritsa masamba a bulugamu n'kumufukiza m'bulangete. Anatuluka thukuta, thupi linazizirako pang'ono, ine ndinati, "Mwaona?" Amayi ako anati, "Abambo a Petulo, mwanayu tipite naye kuchipatala." Ndinawayankha mawu amene ndimawamvabe mpaka lero ndikamalima ndekha. Ndinati, "Anthu amachoka kutali kudzafuna thandizo pakhomo pano, ndiye ine ndikaime pamzere ndi mwana wa chimfine? Andiona bwanji?" Amayi ako sanabwerezenso. Tsiku lachitatu m'mawa mwana anayamba kuphupha, maso atatembenuka. Pamenepo mpamene ndinatulutsa njinga ya achimwene anga. Amayi ako anamubereka n'kukhala pakeliyala, ine ndikupalasa m'zitunda zathuzi, pena kutsika n'kumakankha. Tinafika dzuwa lili pamutu. Anamwino anathamanga naye, anayesetsa ndithu, palibe chimene ndingawanenere. Mmodzi anandifunsa, "Wayamba liti?" Ndinati dzulo. Ndinanamanso, Yankho, mwana wanga ali pabedi akupuma mobanika. Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya.

Werenganso ndime imeneyo, ndipo usandimvere chisoni. Udzu wa mandimu sunaphe mchimwene wako. Bulugamu sanamuphe. Anafa ndi malungo amene bambo ake anawapatsa masiku atatu chifukwa chofuna kutamandidwa. Kumene ukupita ku Bwanje udzudzu sugona, madzi a m'minda ya mpunga ali paliponse. Iwe wakulira kozizira, thupi lako siliwadziwa malungo a kumeneko. Gona m'neti tsiku lililonse, ngakhale kutenthe motani. Thupi likatentha, lako, la mwamuna wako, la mwana amene Mulungu adzakupatse, pita ukayezetse tsiku lomwelo. Osati mawa. Tiyi udzaphika pobwerako.

Chaka chimenecho mbatatesi zanga zinabereka kwambiri, chifukwa chisoni chinkandithamangitsira kumunda, ndinkalima ngati wamisala. Anthu anaphatikiza ziwirizo. Anati Gadeniboyi wakhwima, wapereka mwana wake kuti mbewu zichuluke, ndipo zomera zachilendo zili pakhomo pakezo ndiye mankhwala ake. Imeneyo ndiyo mbiri imene yayenda zaka zonsezi mpaka kukafika m'makutu mwa a Nambewe ku Bwanje. Akuluakulu a mpingo anandiitana. Anandikhazika pabenchi, mmodzi nati, "A Nzunga, Mkhristu sasunga zitsamba. Mukafuna kukhalabe pakati pathu, muchotse zonse zili pakhomo panu." Ndikanaimirira n'kunena kuti, abale, tchimo langa ndi kudzikuza, si ufiti. Koma kunena choncho kunafuna kuti ndivomere pagulu zimene ndinachita masiku atatu aja. Ndinaona chapafupi kupachika mlandu pa zomera. Ndinabwera kunyumba, ndinatenga khasu ndi chikwanje. Ndinazula udzu wa mandimu, alovera, minti, ndinadula mandimu ndi mapeyala aang'ono awiri. Ndinapalira ngakhale chisoso, luni ndi bonongwe zimene zinkamera zokha pamene tinkataya madzi. Bwalo linayera mbee, ngati la pasukulu. Akuluakulu anabwera kudzaona, anakhutira, anapemphera. Miseche sinathe. Anangoti, "Mwaona, wazula chifukwa akudziwa." Ukamvera anthu oterowo pofuna kuti atseke pakamwa, satseka. Amangopeza pena poluma, iwe utatsala wopanda kanthu.

Patapita zaka ziwiri amayi ako anali ndi pakati pa iwe. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Ndinawaona akuyera m'maso ndi m'manja, akaimirira chizungulire, akayenda pang'ono wefuwefu. Ulendo uno sindinadikire kuti andiuze kawiri. Kuchipatala anati magazi achepa kwambiri. Anawapatsa mapiritsi oonjezera magazi, kenako namwino, mayi wachikulire wosanyengerera, anatembenukira kwa ine. "Bambo, mapiritsiwa amwe tsiku lililonse. Koma adyenso. Pakhomo panu pali bonongwe? Chisoso? Luni? Mandimu oti azifinyira m'ndiwo?" Ndinati ndinali nazo koma ndinazula. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nati, "Munazuliranji?" Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha masamba kwa anthu omwe ankandinena aja. Nditafika kwa mkulu wa mpingo amene anandilamula kuzula, mkazi wake anandilowetsa kuseri kuti andithyolere nkhwani wa m'dimba. Kuseriko, pafupi ndi thandala la mbale, ndinapeza chitsa chachikulu cha udzu wa mandimu chili biriwiri. Ndinali ine amene ndinawagawira kale. Mayiyo anaona kumene maso anga ali, anati chapansipansi, "Abambo akunyumba samwa tiyi wina koma ameneyu." Sindinakwiye, ndinaseka. Ndinapempha muzu umodzi, anandipatsa itatu.

Mizu imeneyo sindinaidzale kuseri. Ndinaidzala kumaso kwa nyumba, m'mphepete mwa njira yopita kutchalitchi, pomwe ukuiona lero. Lamulungu lotsatira ndinapempha kulankhula mapemphero atatha. Ndinaima pamaso pa mpingo wonse, ndinati, "Mwana wanga Petulo anafa chifukwa ine ndinachedwa kupita naye kuchipatala. Ndinadziyesa dokotala. Limenelo ndiye tchimo langa, ndipo ndalilapa kwa Mulungu ndi kwa mkazi wanga. Koma bonongwe si tchimo, ndimu si tchimo. Ndadzalanso, ndipo sindizulanso. Amene akufuna kundichotsa andichotse, koma pabenchi ya kumbuyo ndizikhalapo ndithu." Ena anasiya kundipatsa moni pafupifupi chaka. Iwe unabadwa wolemera bwino, wolira mokweza, amayi ako ali ndi mphamvu. Unakula ukudya phala lothira nsinjiro ndi masamba osinja, mapeyala, mapichesi, ndi mfutso nthawi ya chilimwe. Ndiwe mwana wa dimba limene ukuliopa lero kulitchula. Ukadziyang'ana pagalasi uzikumbukira zimenezo.

Tsono tamvera zimene zili m'thumbamo, ndi momwe ungazisamalire kumalo otentha. Udzu wa mandimu udzale pamene uzitaya madzi otsukira mbale, suvuta, pakangotha miyezi ingapo uzidzagawira anzako. Minti imafuna mthunzi ndi chinyezi, uidzale m'ndowa yobooka, chifukwa ukaisiya pansi imalanda malo onse. Masamba ake m'madzi otentha amathandiza m'mimba mukadzaza mpweya. Alovera usamuthirire kawirikawiri, amaola. Munthu akapsa pang'ono, madzi ozizira kaye, alovera pambuyo. Koma chilonda chikakhala chachikulu, chakuya, kapena wapsayo ndi mwana, usapake kanthu, thamanga naye. Mbande za mandimu uzitchingire ndi minga, mbuzi za kumeneko n'zolusa kuposa zathu, ndipo uphimbire pansi ndi mapesi a mpunga kuti dothi lisaume msanga. M'timapepalamo muli bonongwe, luni, chidede ndi mpungabwi, ndalemba dzina pa kalikonse. Mpungabwi uudzale pafupi ndi khomo ndi mazenera, fungo lake udzudzu sulikonda. Koma mpungabwi si neti. Ndabwerezanso: si neti.

Muli kapepala kena kamene ndakamanga ndi ulusi wofiira. Mmenemo muli njere za chammwamba zimene mnzanga wa ku Kandeu anandipatsa. Mtengo umenewu wandikana ine kasanu. Ndimadzala, umamera bwino, ukafika m'chiuno chisanu cha mwezi wa Juni n'kuupha. Ndinayesa kuufunditsa masaka, ndinayesa kuudzala pafupi ndi khitchini, ayi ndithu. Kwanu kumene ukupitako umamera ngati udzu. Udzale itatu, uzidula nsonga kuti isathawire kumwamba. Masamba ake uzithira m'ndiwo, kapena uziumitsa pamthunzi n'kusinja, kasupuni kamodzi m'phala. Mizu ndi makungwa ake uzisiye, si zakudya. Kumeneko ukapezanso mtengo wa nimu, umene kuno suchita. Masamba ake ouma ukawasakaniza ndi nyemba kapena khobwe m'thumba, anankafumbwe amachepa. Anthu akakuuza kuti uwiritse umwe pa matenda aliwonse. Usamwe, makamaka ukadzaima. Wina akatsegula m'mimba, choyamba ndi madzi a thanzi, pang'onopang'ono osalekeza, masamba a gwafa asakuiwalitse zimenezo. Ndipo nkhadze imene amatchingira mabwalo kumeneko usaidule maso ali pafupi, utomoni wake umawononga maso, ana uziwaletsa kusewera nayo.

Palinso anthu ena amene uyenera kuwakaniza, ndipo awa amabwera akumwetulira. Chaka chatha unaona mwamuna wa taye amene anaimitsa galimoto pano. Sindinakuuze chimene ankafuna. Ankafuna kuti ndizimuumitsira masamba, iye azikaika m'mabotolo n'kulembapo kuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo. Anati, "Madala, dzina lanu latchuka, tingoligwiritsa ntchito. Anthu atopa ndi mapiritsi." Ndinamulowetsa m'nyumba, ndinamuonetsa kabotolo ka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene amayi ako amamwa m'mawa uliwonse. Ndinati, "Mkazi wanga amadya adyo ndi masamba tsiku ndi tsiku, mchere tinachepetsa, koma awa sadumphitsa. Ine ndinaika kale mwana m'manda chifukwa cha bodza limene mukufuna kugulitsali. Tulukani." Anachoka akung'ung'udza kuti ndine wotsalira. Ukuona mmene zilili, mwana wanga? Awa akuti ndine mfiti chifukwa ndimadzala, awo akuti ndine wotsalira chifukwa ndimapita kuchipatala. Onsewo ndinasiya kuwaopa. Dimba ndi la kudya, kupewa ndi kufewetsa zazing'ono. Chipatala ndi cha matenda. Munthu amene akukuuza kuti utaye chimodzi mwa ziwirizi sadzakhalapo tsiku limene udzachifune.

A Nambewe usakakangane nawo. Ndi akuluakulu, ukawagwadire, ukawatungire madzi, ukawapatse ulemu wonse umene amayi ako anakuphunzitsa. Mwina sananene mwa nkhanza, anangomva mbiri n'kuchita mantha, monga ndinachitira ine. Koma ulemu si kuvomera bodza. Akadzanenanso za bambo ako, udzawayankhe mofatsa, maso ali poyera: "Azakhali, bambo anga si msing'anga. Analakwa kamodzi kwakukulu, anavomera pamaso pa mpingo. Izi ndi ndiwo ndi tiyi, bwerani mulawe." Ukadzale poonekera, masana, iwo akuona. Ukadzala mobisa udzakhala ngati ukuvomereza kuti n'zoipa. Ndipo Limbani umuuze zonsezi wekha, asadzazimve kwa ena zitapotozedwa. Ndamuyang'anitsitsa mnyamata ameneyu masiku awa, amamvetsera munthu akamalankhula. Koma usamuyese mngelo. Nanenso ndinali mwamuna wabwino, wosamwa, wosamenya, wopemphera, tsiku limene ndinakana kutulutsa njinga.

Thumba lija ndalichotsa kuseri kwa nkhokwe, ndawaza madzi mizu, ndaliika pakhonde la kumaso pamene aliyense akuliona. Sindilowetsa mobisa pansi pa matilesi ako, ndipo sindilinyamulira kugalimoto. Mawa ukalifuna ulinyamule ndi manja ako, apongozi ako akuona. Ukalisiya sindikutemberera, ndidzala ndekha zimene zingamere kuno, ndipo ukhalabe mwana wanga. Koma usadzanene kuti unaiwala. Udzanene kuti unasankha.

Ndinali pafupi kutseka kalatayi pamene amayi ako anatuluka kudzatenga nkhuni. Anandifunsa chimene ndikulemba nthawi yonseyi. Ndinawauza kuti ndalemba za Petulo, zonse, ngakhale bodza la kuchipatala lija. Ndinaganiza kuti akwiya, chifukwa kuyambira tsiku la maliro sanatchulepo dzina la mwanayo pamaso panga. Anaika nkhuni pansi, anakhala pambali panga, anati ndiwawerengere. Ndawawerengera ndime yonse. Atamva anati, "Mwalemba zanu zokha. Lembaninso zanga." Ndiye ndikulemba monga akunenera, iwo ali pompano:

"Yankho, ine ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti ndi malungo. Ndinali nditawaonapo kwathu. Ndinalankhula kamodzi, bambo ako atandikaniza ndinatseka pakamwa, chifukwa alangizi anandiuza kuti mkazi wabwino sabwereza mawu kwa mwamuna. Miyendo ndinali nayo, nsalu yoberekera ndinali nayo, njira ndinkaidziwa. Ndinakhala pansi masiku awiri ndikudikira chilolezo. Dzana m'nyumbamu ndinali pomwepo pamene azimayi amakuuza kuti uzimvera, uzipirira, usamatsutse. Ndinangovomera nawo chifukwa cha anthu. Tsopano imva za ine mayi ako. Pa zina zonse upirire ngati ukufuna. Koma mwana akadzatentha thupi, wina n'kunena kuti dikira, kaya ndi mwamuna wako, kaya apongozi, kaya abusa, usayankhe n'komwe. Bereka mwana uzipita. Milandu mudzakamba pobwera."

Atatha kunena anatola nkhuni zawo n'kulowa. Ine ndilibe choonjezera pamenepo.

Mulungu akutsogolere kumene ukupita, Nanzunga.

Ndine bambo ako,
Nzunga, amene amati Gadeniboyi.